Galimoto ikakana kiyi, pulayazi iyambe yadikira

Msewu wa M10, wochoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, sukhala duu. Pa Makokola pamadutsa ma Sienta odzaza anthu ndi katundu, galimoto za ogula usipa ndi chambo, komanso za mabanja obwera kudzapitidwa mphepo kunyanja pa Khirisimasi ndi pa Isitala. Zambiri mwa galimotozi n'zogwirapo kale ntchito ku Japan, zolowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ndipo si zachilendo kuti wogula alandire kiyi mmodzi yekha. Tsiku lomwe galimoto idzamukane kiyi ameneyo, ulendo udzathera pomwepo, ngakhale thanki itadzaza ndi mafuta.

Zotsatira zake n'zodziwika. Anthu amaunjikana, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti ikankhidwe, wina akuti mafuta sakufika, ndipo posakhalitsa mnyamata wa kabaza wathamangira makaniko yemwe amafika ndi pulayazi m'thumba. Pofika madzulo mawaya a pansi pa chiwongolero ali lendelende, injini sinalirebe, ndipo vuto lomwe likanatha ndi kabatire kogula kwa okonza mawotchi lasanduka lokokera galimoto ku Blantyre, mtunda woposa makilomita 200. Ngati m'galimotomo munali nsomba zaziwisi, dzuwa la ku Mangochi silidikira makaniko.

Chomwe chimakaniza injini kulira ndi chida choteteza galimoto kwa akuba chotchedwa immobiliser. M'mutu wa pulasitiki wa kiyi muli kachipangizo kakang'ono, kokulirapo pang'ono kuposa njere ya mpunga, komwe kamasunga nambala yachinsinsi. Mozungulira bowo lolowetsapo kiyi muli kamkombero ka waya komwe kamawerenga nambalayo n'kuitumiza ku kompyuta ya galimoto. Nambala ikagwirizana, kompyuta imalola mafuta ndi moto kupita ku injini. Ikasiyana, kapena ikapanda kuwerengeka, kompyuta imatseka zonse. N'chifukwa chake kiyi wosulitsa pamsika amatha kutsekula chitseko ndi kupotokola bwinobwino, koma injini osalira. Galimoto zina zakale ndi zina zotsika mtengo za ku Japan zilibe chidachi, koma zoliza podina batani zili nacho.

Chidachi sichidabwere kudzazunza eni galimoto. Dziko la Germany lidalamula kuti galimoto zatsopano zonse zizikhala nacho kuyambira mu January 1998, Britain mu October chaka chomwecho, Australia mu 2001 ndipo Canada mu 2007. Kafukufuku wa Jan van Ours ndi Ben Vollaard, yemwe adatuluka mu 2016, adapeza kuti chidachi chidachepetsa kubedwa kwa galimoto ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse. Ku America, komwe galimoto zambiri za Hyundai ndi Kia zidagulitsidwa popanda chidachi, anyamata adayamba kuziba mwaunyinji kuyambira mu 2021 ataphunzitsana njira yake pa TikTok. Choncho munthu wochichotsa akutsekulira yekha mbava chitseko.

Dalaivala wanzeru amayamba wayang'ana pa dashibodi asanatsekule boneti. Pali kagetsi kakang'ono, kawirikawiri kofiira, kojambulidwa kiyi, loko kapena galimoto yokhala ndi kiyi m'kati. Galimoto ikazimitsidwa, kagetsiko kamaphethira, ndipo pamenepo palibe cholakwika. Kiyi woyenera akalowa kamayenera kuzima. Kakapitiriza kuphethira kapena kakangoyaka osazima kiyi atapotokoledwa, ndiye kuti galimoto sinamuzindikire kiyiyo. Galimoto zina zikatero sitata imazungulira koma injini osagwira, zina zimalira n'kuzima pakangotha masekondi awiri, zina zimangoti zii. Koma kagetsiko kakazima monga mwa nthawi zonse, immobiliser yasamba m'manja, vuto lifunidwe kwina.

Ndipo nthawi zambiri limakhaladi kwina. Galimoto ya otomatiki sililira ngati giya sili pa P kapena pa N, ndipo yoliza ndi batani imafuna kuti phazi liponde buleki. Chiwongolero chikadzikhoma, kiyi sapotokoka mpaka chitagwedezedwa uku ndi uku. Phokoso la kuti ke-ke-ke pamene magetsi a pa dashibodi akuzilala ndi chizindikiro cha batire lofooka kapena mitu yake yomwe yagwira chuku choyera. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.6 injini ili chozima, ndipo likatsika kwambiri ngakhale kompyuta imasokonezeka n'kulephera kuwerenga kiyi. Kumanga bwino mitu ya batire kwadzutsa galimoto zambiri zomwe anthu adali ataziweruza kale kuti zalodzedwa.

Ngati vuto lilidi pa kiyi, pali zoyesa zosalira ndalama. Choyamba n'kumuchotsa pa mtolo wa makiyi a kunyumba, a ku golosale ndi a galimoto ina, chifukwa zitsulo ndi makiyi ena a nambala zimasokoneza kawerengedwe. Kenaka azimitse zonse, atulutse kiyi, adikire mphindi zingapo, ayesenso. Kiyi wa galimoto ya batani amayendera kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri ka CR2032, komwe kamatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Kakatha, galimoto zambiri za Toyota ndi Nissan zimalirabe munthu akaponda buleki, n'kugunditsa kiyiyo pa batani lolizira, kenaka n'kudina. M'kati mwa kiyi yemweyo muli kakiyi kachitsulo kotsekulira chitseko. Eni galimoto ambiri sadziwa zimenezi, ndipo mpake, chifukwa buku la malangizo limabwera m'Chijapani, ngati labwera n'komwe.

Ku Makokola kuli mdani wina wa kiyi, ndiye nyanja. Bambo amalowa m'madzi kiyi ali m'thumba la kabudula, kapena mwana amaseweretsa kiyiyo pa mchenga. Kiyi wonyowa asadinidwe. Atsekulidwe, kabatire kachotsedwe, aumitsidwe pa mthunzi, ndipo aikidwe kabatire katsopano. Kiyi wosweka chikuta ayang'anitsitsidwenso, popeza kachipangizo kaja kamatha kugwa osaoneka, ndipo ambiri amakataya okha posintha chikuta chakale ndi chatsopano.

Pali gulu lina la mavuto lomwe limanamiziridwa kwa opanga galimoto pamene olakwa ndi anthu a konkuno. Alamu zoikitsa pa galaja, masiwichi obisa odula mafuta ndi zida zolondolera galimoto zimalumikizidwa podula mawaya a sitata kapena a pampu ya mafuta. Woika akangopota mawayawo ndi manja n'kukulunga tepi, mabampu, fumbi ndi kutentha zimamasula mfundozo pang'onopang'ono. Makoswe nawo amatafuna mawaya a galimoto zogona pafupi ndi nkhokwe kapena mathandala a nsomba. Wogula galimoto kwa mnzake afunsiretu ngati muli chida chotere ndi pomwe pali siwichi yake. Makaniko woona amayamba wayang'ana mafyuzi ndi mfundo zimenezi.

Koma immobiliser ya kufakitale siigonja ndi pulayazi. Kulumikiza mawaya awiri pansi pa chiwongolero kudali kwa m'masiku a Peugeot 504. Lero kompyuta ikufuna nambala, ndipo waya wogunditsidwa molakwika amatha kuotcha kompyuta yomwe imachita kuitanitsidwa kunja. Kukankha galimoto kapena kuchotsa batire sikusinthanso kanthu, chifukwa nambalayo simafufutika. Amakaniko ena amachotsa kachipangizo m'kiyi n'kukamatira pa kamkombero kaja kuti kiyi aliyense wosulitsa azitha kuliza. Galimoto imaliradi, koma kuyambira tsiku limenelo ili pa mbalambanda, ndipo mwini wake yemwe adadula inshulansi yoteteza ku umbava akhoza kudzakhala ndi mafunso ovuta kuyankha ikadzabedwa.

Pa zonsezi, mankhwala enieni ndi kiyi wachiwiri. Ndi iye amathetsa mkangano pa mphindi imodzi: akaliza, wolakwa ndi kiyi woyamba, akakanidwanso, vuto lili pa kamkombero, mawaya kapena kompyuta. Kupangitsa kiyi wina pamene woyamba akugwira ntchito n'kotsika mtengo kwambiri kusiyana n'kuyambira pa zero onse atatayika, pamene pamafunika kufufuta kompyuta kapena kusintha bokosi lonse. Pa Toyota zambiri za zaka za m'ma 2000, kiyi wakuda ndiye wamkulu ndipo ndi amene amalola kuonjezera wina, pamene wotuwa amangoliza basi. Limoti nayo isagulidwe mwachisawawa kwa obwera ku Joni: za galimoto za ku Japan zimayendera mafunde a cha m'ma 315 MHz pamene za ku South Africa ndi ku Ulaya zimayendera 433 MHz, choncho zimatha kufanana maonekedwe koma osamvana ndi galimotoyo. Ndipo kiyi wachiwiriyo asamagone m'galimoto momwemo. Pa ulendo wa kunyanja akhale m'chikwama cha mayi, ndipo pa galimoto ya matola akhale kwa mwini wake.

Ogulitsa galimoto a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ali ndi mbali yawo. Munthu wopereka mamiliyoni, mwina ndalama ya penshoni kapena ngongole ya ku SACCO, ayenera kuuzidwa poyera kuti galimoto ili ndi kiyi mmodzi, ndipo mtengo wa wachiwiri ukambidwe asanasainirane. Wogula naye asachite manyazi kufunsa.

Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lionetsetse kuti achinyamata ophunzira za magetsi a galimoto akutuluka akudziwa kugwiritsa ntchito makina opimira kompyuta, komanso kuti amakaniko omwe ali kale pansi pa mitengo ya pa Mangochi, Monkey Bay ndi Liwonde apeze maphunziro afupiafupi. Dera lomwe limalandira alendo ochuluka chonchi siliyenera kudikira munthu wochokera ku Blantyre pa nkhani ya kiyi. Komabe luso lomweli likhoza kuthandiza akuba. Aliyense wopanga makiyi a nambala azifunsa buluubuku ndi chiphaso cha unzika asanagwire galimoto, azilemba nambala ya galimotoyo m'kaundula wake, ndipo apolisi a pa Mangochi akhale ndi mayina a onse ogwira ntchitoyi m'bomalo.