Kapisozi sangakutchingireni dzuwa la ku Ntchisi

Pa WhatsApp ndi pa Facebook masiku ano pali malonda a mabotolo a mapiritsi: collagen, glutathione, mavitamini osakaniza. Akuti mukamwa, khungu lisalala, liwala, silikalamba, ndipo ena amafika ponena kuti mapiritsiwo "amateteza ku dzuwa kuchokera m'kati". Mawu otsirizawa ndiwo ndikufuna tiwayese ndi fizikisi, chifukwa kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi atha kuvulaza munthu.

Dzuwa limatitumizira mitundu ingapo ya kuwala. Kutentha komwe mumamva pakhungu kumabwera kwambiri ndi infrared ndi kuwala kooneka ndi maso. Koma chomwe chimawotcha khungu ndi kuononga DNA m'maselo ndi ultraviolet, UV, yomwe simuiona ndipo simuimva ikamalowa. UVA ili pakati pa 315 ndi 400 nanometre. Imalowa mozama ndi kufooketsa collagen, ndiye makwinya aja. UVB ili pakati pa 280 ndi 315. Funde lake ndi lalifupi, mphamvu yake ndi yaikulu, ndipo ndiyo imawotcha.

Apa mpomwe mapiri athu amatinamiza. Ku Salima, kufupi ndi nyanja yomwe ili pafupifupi mamita 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, thukuta limakuuzani kuti thawirani pamthunzi. Pa phiri la Ntchisi, lomwe limapitirira mamita 1,600, kamphepo kozizira kamakupusitsani, mumakhala pabwalo tsiku lonse. Chonsecho bungwe la WHO limati UV imakwera ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse omwe mwakwera, poti mpweya woisefa umachepa. Mitambo yopyapyala nayo imalola UV yambiri kudutsa. Onjezani kuti tili pafupi madigiri 13 kum'mwera kwa equator, kotero chakumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Kuzizira sikutanthauza kuti UV yapita, ayi.

Tsono piritsi lingaime bwanji pakati pa kuwala ndi khungu? Kuti UV isafike m'maselo, pafunika chinthu choimeza kapena kuibweza isanalowe: nsalu, chipewa, denga, mafuta odzola okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, kapenanso melanin ya m'khungu lenilenilo. Piritsi limapita m'mimba. Collagen ndi puloteni, ndipo mimba imamuphwanya kukhala tizidutswa ndi ma amino acid, monga momwe imachitira ndi usipa kapena nyemba. Thupi limatumiza tizidutswato komwe likufuna, osati komwe botolo lalonjeza. Kuti lipange collagen wake limafunadi vitamini C, koma uyo ali m'magwafa, m'malambe ndi m'mango, pamtengo womwe simungauyerekeze ndi wa botolo.

Sindikunena kuti zakudya zilibe gawo. Kafukufuku wa beta-carotene, uja amapezeka mu karoti ndi mbatata ya chikasu, anaonetsa kuti munthu akamwa kwa milungu yambiri khungu limachedwako pang'ono kufiira. Pang'ono basi. Yerekezani ndi mafuta a SPF 30, omwe amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB mukadzola okwanira. Mu Meyi 2018 bungwe la FDA la ku America linachenjeza makampani omwe ankagulitsa mapiritsi otere ponena kuti amateteza ku dzuwa. Ndipo vitamini A wochuluka m'mapiritsi amaunjikana m'chiwindi n'kuchiononga, ndiye "ndi vitamini chabe" si chitetezo.

Ambiri a ife tili ndi melanin yambiri, kotero tikanyengedwa timangotaya ndalama. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno, ndipo ena a iwo mumakhala nawo pa desiki limodzi. Khungu lawo lili ndi melanin yochepa kwambiri kapena lilibiretu, ndipo khansa ya pakhungu ndiyo imapha ambiri a iwo adakali achinyamata. Mnzanu wotere akakhulupirira botolo n'kusiya chipewa kunyumba, sataya ndalama zokha. N'chifukwa chake bungwe la APAM lakhala likumenyera kuti mafuta oteteza ku dzuwa azipezeka m'zipatala, ndipo mu 2025 WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Mapiritsi a collagen sali pamenepo. Mafuta oyeretsa khungu aja, ena okhala ndi hydroquinone, amachita zosiyana kwenikweni: amachepetsa melanin yomwe ikukutetezani. Munthu kugula ndi ndalama zake chochotsa ambulera yomwe anabadwa nayo, eti?

Maganizo anga ndi akuti sukulu zathu ndizo ziyambe. Wophunzira wachialubino aloledwe chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali ngati mbali ya yunifolomu, popanda kupempha chilolezo teremu iliyonse. Ntchito ya kumunda wa sukulu ndi zilango zotchetcha zisamachitike pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana.

Inu nomwe yesani izi sabata ino: imikani ndodo ya mita imodzi pabwalo, muyeze mthunzi wake ola lililonse, mulembe. Nthawi yonse yomwe mthunzi uli waufupi kuposa ndodoyo, dzuwa lakwera kupitirira madigiri 45 ndipo UV ili pamphamvu, kaya kunja kukuzizira chotani. Maola omwe mupeze mukawapatse a hedi.