Tuluka M'phanga: Kalata kwa Akhristu a M'chigwa cha Domasi pa za Choonadi ndi Ulamuliro Wabwino



1. Ife amene timatumikira pa za chilungamo ndi mtendere mu Eklezia tikukulemberani chifukwa cha mawu amene tikuwamva kawirikawiri m'miphakati, pa maliro ndiponso pa msika wa Songani, akuti: "Ife ndife osaphunzira, za boma akudziwa ndi eni ake." Mawu amenewa amamveka ngati kudzichepetsa, koma akutipweteka, pakuti ndi amene akhala akutsegulira khomo anthu obera dziko lino.

Fanizo la phanga

2. Zaka pafupifupi 400 Ambuye asanabadwe, munthu wina wanzeru wa ku Athens, dzina lake Plato, adalemba fanizo m'buku lake lotchedwa Republic. Anthu ena adamangidwa maunyolo m'phanga chiyambire ubwana wao, atayang'ana kukhoma. Kumbuyo kwao kunkayaka moto, ndipo pakati pa motowo ndi iwo pankadutsa anthu onyamula zosemasema. Omangidwawo ankangoona zithunzithunzi pakhoma, namayesa kuti dziko lonse ndi lomwelo. Mmodzi atamasulidwa, adatuluka, maso namuwawa ndi dzuwa, mpaka adazolowera kuwala. Atabwerera kukauza anzake, iwo adamseka, ndipo akadamgwira akadamupha. Plato ankakumbukira mphunzitsi wake Socrates, amene anthu a ku Athens adamuweruza kuti aphedwe m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, atawasautsa ndi mafunso.

3. Ambiri akamva fanizoli amachitira chisoni omangidwa aja, naiwala anthu onyamula zosemasema. Zithunzithunzi zimene zinkaoneka pakhoma zinali ndi eni ake. Pali amene amasonkha motowo, pali amene amasankha choti anthu aone ndi choti asaone. Umbuli wa mtundu wa anthu pa za ulamuliro kawirikawiri umachita kukonzedwa, ndipo pali amene amadyerapo.

Phanga lathu tikulidziwa

4. Ife a ku Zomba sitifunika kupita ku Athens kuti tione phanga. M'mwezi wa Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu, a David Chiwanga, adagwidwa pochokera ku Nyumba ya Malamulo, imene nthawi imeneyo inali kuno ku Zomba. Adagonekedwa ku ndende ya Mikuyu, kenaka adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Dziko lidauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Chithunzithunzi chimenechi chidakhala pakhoma zaka zoposa khumi, mpaka komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa. Amene adaimbidwa mlandu wokonza chiwembucho khoti lidawamasula mu Disembala 1995, koma nkhani ya ngozi ija idathera pomwepo.

5. Ku Mikuyu komweko adatsekerako a Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'zaka zomwezo ana a ku Kamuzu Academy ankaphunzira Chigriki, chilankhulo cha Plato, pamene kuno munthu ankaopa kufunsa ngakhale kumene mbale wake wapita.

6. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, Aepiskopi athu, kuphatikizapo Ambuye Allan Chamgwera a dayosizi ino, adatulutsa kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi onse. Adatchula malipiro ochepa, kusowa kwa mankhwala, kuthithikana kwa ana m'sukulu ndi kumanga anthu popanda mlandu, zimene aliyense ankazidziwa kale mumtima. Komabe kalatayo idatchedwa youkira boma, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Koma anthu anali ataona kuwala, ndipo pa 14 Juni 1993 adasankha ulamuliro wa zipani zambiri.

7. Wina asaganize kuti phangalo lidagumuka mu 1994. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidagulitsidwa m'zaka za 2000 ndi 2001, ndipo pamene anthu ankadya madeya ndi zikhawo za nthochi, boma lidachedwa kuvomereza za njala mpaka kumapeto kwa Febuluwale 2002. Mu 2013 kudaululika kuti ndalama zankhaninkhani zinkatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sadagulidwe ndi ntchito zimene sizidagwiridwe. Chisankho cha pulezidenti cha 2019 khoti lidachithetsa pa 3 Febuluwale 2020, litaona mapepala ofufutidwa ndi Tippex. Zonsezi zidachitika pansi pa maboma osiyanasiyana, choncho sitikuloza chala chipani chimodzi. Onyamula zosemasema amasinthana, khoma likhala lomwelo.

Umbuli wochita kusankha

8. Eklezia amaphunzitsa kuti pali umbuli wa mitundu iwiri. Pali umbuli umene munthu sangathe kuuchotsa ngakhale atayesetsa, ndipo pa umenewu alibe mlandu. Palinso umbuli umene munthu amausunga dala, chifukwa cha ulesi, mantha kapena phindu, ndipo pa umenewu adzayankha pamaso pa Mulungu. Mayi wa ku mudzi amene mu 1983 adakhulupirira wailesi imodzi yomwe inalipo sitingamuweruze. Nanga ife lero, amene tili ndi mawailesi ambiri, mafoni m'manja ndi malamulo otiteteza, tidzanena chiyani?

9. Unyolo wa masiku ano ndi wofewa: nsalu ya chipani, kandalama ka pa msonkhano, bokosi la maliro logulidwa ndi wofuna mavoti. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kupereka mphatso zokopera mavoti, koma ambiri a ife timatambasulabe manja. Ndiponso uthenga wa pa WhatsApp kapena Facebook umene timautumiza osaufufuza, poti ukunyoza amene timadana naye, umatisandutsa ifeyo onyamula zosemasema. Makolo athu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Adatinso safunsa adadya phula.

10. Ena adzati kufunsa akuluakulu ndi mwano. Timalemekeza mafumu ndi atsogoleri athu, koma Malamulo a dziko lino, m'ndime 12, amanena kuti mphamvu za olamula zimachokera kwa anthu ndipo iwo amangosungizidwa. Kodi mwini munda akafunsa waganyu kuti walima mizere ingati, walakwa? Ena adzati Eklezia azingopemphera. Pilato adafunsa za choonadi Yesu ali chilili pamaso pake, koma osadikira yankho, nasamba m'manja. Eklezia amene angasambe m'manja chotero ndiye kuti wasiya Mbuye wake.

11. Pa mfundo imodzi timatsutsana ndi Plato. Iye ankafuna kuti anzeru ochepa okha ndiwo azilamula. Dziko lino lidalawa kale ulamuliro wa munthu mmodzi wodziwa zonse kwa zaka 30, ndipo zipatso zake tidaziona ku Mikuyu. Mlimi wa mpunga m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, msodzi wa ku nyanja ya Chilwa ndi mphunzitsi wa ku koleji, onsewa adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo onse ali ndi nzeru zokwanira kufunsa ndi kuyesa yankho.

Zoyenera kuchita

12. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Tikupempha mphakati uliwonse kuti usankhe chitukuko chimodzi cha m'dera lake, kaya mjigo, kamlatho kapena mdadada wa sukulu, ndipo ufunse mwa kalata kwa khansala, phungu ndi komiti ya chitukuko: zidaperekedwa ndalama zingati, adapatsidwa ntchito ndani, ndipo idzatha liti? Yankho liwerengedwe poyera. Amene wayamba kufunsa tisamusiye yekha, tisamutche wosokoneza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo amene ali pa maudindo, ambiri mwa iwo ndi Akhristu anzathu, akumbukire kuti kubisa zimene anthu ayenera kudziwa ndi kuchita umboni wonama.

Maso amawawa potuluka mumdima, koma kuwawako kumatha. Mzimu Woyera, Mzimu wa choonadi, atilimbitse mtima, ndipo Amai Maria, Mfumukazi ya Mtendere, atipempherere.

Kalatayi iwerengedwe pa Misa ya Lamulungu ndipo ikambidwe m'miphakati yonse.