Oyera mtima si a ku Ulaya okha

M'matchalitchi ana amamva za Elizabeth Woyera, mwana wa mfumu ya ku Hungary, yemwe adasiya chuma n'kumasamalira odwala mpaka imfa yake mu 1231. Nkhaniyi ndi yabwino. Koma ndani amawauza za Leonard Kamungu?

Kamungu adadzozedwa unsembe wa Anglican mu 1909. Adatumikira ku Nkhotakota, kenaka adapita ku Msoro, m'dziko la Zambia, komwe adamwalira mu 1913. Sukulu ya zaubusa ku Zomba idatenga dzina lake.

Makolo ndi aphunzitsi a Sande sukulu asamangotchula mayina akutali. Mwana wa msodzi ku Linga akamva za Kamungu, adzadziwa kuti moyo wodzipereka ndi wotheka ngakhale kwawo kunyanja komweko.