Poyeza impso, tidziwe pomwe njira ya Jaffé imanama

Dokotala akafuna kudziwa ngati impso za wodwala zikugwira ntchito, amatumiza magazi ku labotale kuti akayeze creatinine, zinyalala zochokera m'minofu zomwe impso zabwinobwino zimasefera mumkodzo. M'malabotale ambiri padziko lapansi, kuyezaku kudakatsamirabe pa zomwe Max Jaffé adaona ku Königsberg mu 1886, zomwe Otto Folin adazisandutsa muyeso mu 1904. Ine ndikuti njirayi tisaitaye, koma wowerenga zotsatira zake azidziwa chomwe chimachitika m'kabotolo koyezeramo, chifukwa chomwe chimaipatsa mphamvu n'chomwenso chimainamitsa.

Mankhwala oyezerawo ndi picric acid. Molekyulu yake ndi mkombero wa maatomu 6 a kaboni, ndipo pamkomberowo pamakhala magulu atatu a nitro omwe amakoka maelekitironi, n'kuusiya uli wosowa. Akathiramo sodium hydroxide, creatinine imataya haidrojeni imodzi, kaboni yomwe inagwira haidrojeniyo n'kutsala ndi maelekitironi oposa muyeso. Kaboni yotere ndiyo carbanion, ndipo sichedwa ayi: imakamatirira pamkombero wosowa uja, madzi omwe anali achikasu n'kufiirira, makina n'kuwerenga kukula kwa kufiirirako. Tsoka lake n'lakuti wanjala sasankha mbale. Katswiri wina, Janovsky, adaonetsa kuti acetone, imodzi mwa ma ketone, nayo imatulutsa mtundu ikakumana ndi dinitrobenzene, mkombero winanso wosowa maelekitironi. Choncho munthu wa matenda a shuga akafika ali thapsa, magazi atadzaza ma ketone monga acetoacetate, makina angathe kuonetsa creatinine yokwera pomwe impso sizinaonongeke chotero. Mankhwala ena olimbana ndi mabakiteriya, monga cefoxitin, amachitanso zomwezo. Kwa wodwala chikasu, bilirubin imatsitsa nambalayo, impso zodwala n'kuoneka ngati zili bwino, ndipo bodza limeneli ndilo loopsa kwambiri.

Ena anena kuti opanga makina adathana nazo kale. N'zoona kuti adayesetsa. Makina amakono sadikira kuti mtundu ukhazikike koma amayeza liwiro lomwe ukukulira, chifukwa acetoacetate imagwira m'masekondi oyambirira pomwe mapuloteni amachedwa. Makina ena amachotsera kanambala kofanana pa zotsatira za aliyense pofuna kubweza zomwe mapuloteni awonjezera. Koma kuchepetsa vuto si kulithetsa, ndipo kanambala koyenera munthu wamkulu kamasokoneza zambiri kwa khanda, lomwe creatinine yake n'njochepa kale. Mulingo wa mankhwala ambiri amauwerengera pa nambala yomweyi, ndiye ikalakwika, wodwala amamwa opyola kapena opereŵera.

Enanso ati ndiye tingosamukira tonse ku njira ya ma enzyme, yomwe ma ketone saisokoneza kwenikweni. Pamenepa sindigwirizana nawo. Njirayo ndi yokwera mtengo, pomwe picric acid ndi sodium hydroxide n'zotchipa. M'dziko ngati Malawi, momwe anthu ochuluka amamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, mankhwala omwe mwa ena amavulaza impso, komanso momwe shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikuchulukira, kuyeza anthu ambiri ndi njira yomwe tikudziwa zofooka zake n'kwabwino kuposa kuyeza ochepa ndi njira yangwiro. Choyenera n'chakuti chipatala chachikulu chizisunga mankhwala a ma enzyme a odwala omwe tikudziwa kuti njira ya Jaffé imawanamizira: makanda, achikasu ndi a shuga ofika ndi ma ketone. Dokotala azilemba papepala lopita ku labotale matenda a wodwalayo ndi mankhwala omwe akulandira, nayo labotale izilemba pazotsatira njira yomwe yayezera. Kusukulu za madokotala, anamwino ndi ogwira ntchito m'labotale, phunziro la carbanion aziliphunzitsa atanyamula kabotolo ka creatinine m'manja.