Tisakwirire luso la amayi athu pamodzi ndi lamulo la thalauzi

Abale anzanga, mwezi wa June wapitawu ndidali kumudzi kwathu ku Ntchisi, kuseri kwa phiri lija la nkhalango, kukaika maliro a azakhali anga. Amene mudagonako ku Ntchisi kapena ku Dowa nyengo imeneyi mukukudziwa kuzizira kwake. Mphepo imachita kuboola mafupa, ndipo pasiwa usiku munthu amauyandikira moto mpaka thalauzi kununkha utsi sabata yathunthu.

Tsiku logawa katundu wa malemu litafika, akuluakulu adatsegula sutikesi. Zitenje zidapita, mbale zidapita, ngakhale ambulera yothyoka idapeza mwini. Chimene chidatsala pamphasa, chopanda wochifuna, lidali kope lakale la masamba ofiirira, lomangidwa ndi mphira, ndi masipoko awiri a njinga osongoledwa kunsonga. Msuweni wanga wina adati, “Achimwene, okonda mapepala ndinu. Tengani, apo ayi mawa tiyatsira moto.”

Ndidatenga. M'basi pobwerera ku Lilongwe ndidalitsegula, ndipo mpaka tidutse pa Mponela sindidakweze mutu. Tsamba loyamba lidalembedwa 1976. M'katimo mudali kalukidwe ka chilichonse chimene azakhali adalukapo moyo wawo wonse: juzi ya mwana wa chaka chimodzi, shawelo, timasokosi ta khanda, chipewa cha abusa, madoyilo oyala pamipando, bulawuzi ya mabowobowo yovalira pamwamba pa chitenje. Pena adalemba Chichewa, pena tizilembo ta Chingerezi tija ta olukawa, K2 P2, kutanthauza masitichi awiri olukira kutsogolo, awiri olukira kumbuyo. Mapatani ena adawapatsa okha maina: “chimanga,” “mchira wa nsomba,” “maso a nkhunda.”

Chandilembetsa lero si maliro ayi. Patangotha sabata ndidali pamsika wa kaunjika wa Tsoka, kufuna jekete. Pabenchi ina atsikana atatu, ooneka kuti ndi a pakoleji, ankalimbirana kabulawuzi koluka ka mabowobowo. Mnyamata wogulitsayo adachita kukakweza m'mwamba. “Asisi, iyi ndi vintage, siyotchipa!” Ndidasuzumira. Abale, kalukidwe kake kadali “maso a nkhunda” yemwe uja wa patsamba 14 la kope limene lidatsala pang'ono kuyatsira moto. Kusiyana kwake n'kwakuti aka kadabwera m'belo kuchokera kutsidya kwa nyanja, kadavalidwa kale ndi munthu wina, n'chifukwa chake kali ndi ulemu.

Kodi ife Amalawi tidalodzedwa ndi yani?

Luso limeneli silidagwe kumwamba. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adafika pa Mvera m'boma la Dowa mu 1889, n'kudzatsegulanso pa Kongwe mu 1894. Pamodzi ndi Baibulo ndi sileti adabwera ndi singano, ndipo atsikana okhala m'nyumba za pamishoni ankaphunzira kusoka ndi ntchito zina za manja. Chigwirizano cha amayi a Sinodi ya Nkhoma chitayamba mu 1940, amayi adapeza bwalo lokumanirana sabata ndi sabata, ndipo paliponse pamene amayi akumana, wodziwa amaphunzitsa wosadziwa. Dziko litalandira ufulu kudabwera alangizi a homukilafuti oyenda m'midzi, kusukulu za pulayimale atsikana ankaphunzira kusoka ndi kuluka ngati phunziro lakelake, ndipo mu 1985 kudabadwa bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, CCAM, lotsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira. Singano zolukira zikasowa, amayi ankasongola masipoko a njinga. Ulusi ukasowa, ankamasula juzi yakale, kuchapa ulusiwo, kuukulunga n'kulukanso china chatsopano.

Tsono apa ndiyenera kulankhula mosapsatira, kuopa wina anganene kuti ndikulira masiku a chipani chimodzi. Masiku amenewo sadali a uchi ndi mkaka. Mu 1973 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la Decency in Dress, loletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo pagulu. Mayi wamkulu, wolera ana asanu ndi mmodzi, boma lidamuyeza ndi tepi ngati nsalu ya patelala. Mbumba zinkavala nkhope ya mtsogoleri pachitenje n'kukavina padzuwa, wofuna ndi wosafuna yemwe. Lamulolo lidachotsedwa mu 1993, chaka chomwe Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri pa referendamu ya pa 14 June. Lidapita, ndipo lipitiretu.

Ndipo inu anzanga a geni, musandikwiyire ndikakukumbutsani za January 2012, pamene mavenda ena ku Lilongwe ndi m'mizinda ina adayamba kuvula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi pamsewu, mpaka amayi adachita msonkhano waukulu wodandaula ku Blantyre ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adachita kunena yekha kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe afuna. Chidali chamanyazi. Amene amakamba za “kavalidwe ka makolo” ali ndi chikwapu m'manja, ine si mnzawo.

Koma taonani chimene tidachita. Potaya lamulo loipa lija, tidataya ndi singano yomwe. Chilichonse chokumbutsa nthawi imeneyo, chilundu, duku, juzi yoluka pamanja, madoyilo, tidachitcha chachimidzi. Tidaiwala kuti lamulo lidali la boma, koma luso lidali la amayi athu. Boma lidawauza kutalika kwa siketi, silidawauze kuluka “mchira wa nsomba.” M'kampata kakang'ono kamene adawasiyira, amayi aja adapezamo njira yotchenera, yofunditsira ana awo, ndi yopezera kandalama kosapempha kwa bambo.

Ine ndine mboni, ndiponso ndine wolakwa. Fizi yanga ya kusekondale, mbali yaikulu, idachokera m'masipoko awiri aja. Azakhali ankaluka majuzi a ana a sukulu kuyambira Epulo, n'kumakagulitsa tsiku la msika pa boma, aphunzitsi ndi anamwino n'kumatenga pangongole yolipira pakutha pa mwezi. Nditasankhidwa kupita kukoleji adandilukira juzi yobiriwira ya “chimanga,” adachezera nayo milungu itatu pa nyali ya koloboyi. Adandipatsa pa siteji ya basi. “Mwana wa achimwene, kumeneko usakazizidwe.” Ine kufika kukoleji, kuona anzanga ali m'majekete a zilembo za Chingerezi kumsana, juzi ija ndidaibisa pansi pa sutikesi. Sindidaivale ngakhale tsiku limodzi. M'chaka changa chachiwiri maso a azakhali adayamba kuchita khungu, manja n'kumanjenjemera, kasitomala nawo n'kuthawira ku kaunjika. Ndalama idaduka, ine sukulu n'kusiyira panjira. Pamenepo m'pomwe ndidazindikira kuti chimene ndinkachita nacho manyazi ndi chimene chinkandisunga m'kalasi. Akulu adati mawu a akulu akoma akagonera; kwa ine idakoma itagonera ndi juzi.

Chidapha msika wa azakhali n'chiyani? Choyamba ndi belo. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, kaunjika adasefukira mpaka ku Madisi, ku Malomo ndi pa msika uliwonse wa pansi pa mtengo. Juzi yolukidwa milungu iwiri singapikisane mtengo ndi juzi imene mwini wake ku Ulaya adaitaya yaulere. Ngakhale fakitale yaikulu ya nsalu ya David Whitehead, imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, idafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Ngati njovu idagwada, nanga kalulu wa ku Ntchisi? Chachiwiri ndi sukulu. Maphunziro a pulayimale atakonzedwanso kuyambira mu 2007, kusoka ndi kuluka kudaphatikizidwa ndi nyimbo, masewero ndi zojambula m'phunziro limodzi la Expressive Arts. M'kalasi la ana odzadza mpaka pakhomo, lopanda ulusi ngakhale mpukutu umodzi, mphunzitsi asankha chiyani pakati pa kuimbitsa nyimbo ndi kuphunzitsa masitichi? Chachitatu ndi ulusi weniweniwo. Wambiri umene timagula m'sitolo ndi wochokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mpukutu nawo umalumpha.

Wina anena kuti, “Ndiye tiletse kaunjika.” Ayi, ine sindili kumeneko. Ndikulemba pano ndavala shati ya pa kaunjika, ndipo ambiri mwa inu owerenga ana anu amadya kuchokera m'belo. Maiko a kum'mawa kwa Africa adagwirizana mu 2016 zothetsa kuitanitsa zovala zakale. America itaopseza, ena onse adabwerera m'mbuyo, Rwanda yokha ndiyo idalimba mtima, ndipo mu 2018 idalandidwa mwayi wogulitsa zovala zake ku America mopanda msonkho pansi pa pangano la AGOA. Nkhondo imeneyo ndi ya akuluakulu. Ine ndikukamba za nkhondo yaing'ono, imene ife eni tingaimenye ndi manja athu.

Inu a geni ya zovala, pansi pa belo lililonse pamatsala majuzi ong'ambika, otambasuka khosi, amene mumagulitsa motaya kapena kupukutira nsapato. Umenewo ndi ulusi. Mayi wodziwa akaumasula, mutuluka zipewa zitatu za ana. Bwanji osagwirizana ndi amayi a kumudzi kwanu, inu kuwatumizira zotsalazo, iwo kukulukirani, inu n'kupachika pabenchi pomwepo pambali pa “vintage” wanuyo? Ndipo dziwani ichi: kolosheti yeniyeni, ija ya kasingano kamodzi kokhota kumutu, mpaka lero imalukidwa ndi manja, makina amangoyerekeza. Kabulawuzi kamene atsikana aja ankalimbirana, ngati kadali kenikeni, kadalukidwa ndi mayi wina kwinakwake, wonga azakhali anga. Kasitomala alipo kale, fashoni yabwerera yokha popanda ife kuiitana. Chikusowa ndi mlatho pakati pa Tsoka ndi mapiri a Dowa. Koma chonde, mlathowo usakhale wodyera amayiwo masuku pamutu. Munthu wachezera masiku anayi osam'patsa ya sopo yokha.

Inu ophunzira, foni muli nayo m'manja usana ndi usiku. Holide ikubwerayi, m'malo mojambula nkhope yanu kakhumi patsiku, khalani pansi ndi agogo kapena amayi aakulu, muwajambule manja akuluka, muwafunse dzina la patani iliyonse, mulembe kuchuluka kwa masitichi. Ambiri alibe kope ngati la azakhali anga. Zonse zili m'mutu, ndipo mutuwo ukalowa m'manda, laibulale yapsa. Anyamata musati izi n'za akazi. Tom Daley, katswiri wa ku Britain wodumphira m'madzi, dziko lonse lidamuona akuluka m'bwalo la masewero a Olympics ku Tokyo mu 2021, mendulo ya golide atapata kale. Ndipo telala wa pakhonde la sitolo, amene amasoka madiresi a akazi anu, nthawi zambiri si bambo kodi?

Inu a mipingo ndi a zaumoyo, nkhaniyi si ya kutchena kokha. Lipoti la mabungwe a zaumoyo padziko lonse la mu 2012 lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa ana 100 aliwonse. Mwana wotere mdani wake wamkulu ndi kuzizira, ndipo njira ya kangaroo, yomuika pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu, imafuna kachipewa kumutu. Taganizani khanda lotere likubadwa usiku wa July kumapiri a Ntchisi. Kachipewa kameneko mayi wodziwa amakamaliza tsiku limodzi. Magulu a amayi a m'mipingo, amene adasunga lusoli zaka zonsezi, angathe kudzaza katoni pachipatala chilichonse chaching'ono ngati wina atawagulira ulusi.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, abale. Amayi amene adaphunzira kuluka m'zaka za m'ma 1970 lero ali ndi zaka 70 kapena kuyandikira pamenepo. Chaka chilichonse tikuika angapo, ndipo makope awo akuyatsira moto wophikira phala la pamaliro awo omwe.

Kope la azakhali ndalijambula tsamba ndi tsamba. Lenilenilo ndapatsa mdzukulu wawo wa Fomu 2, amene adandidabwitsa pondiuza kuti agogo ake adam'phunzitsa kale masitichi oyamba maso asanatheretu. Masipoko aja ndam'patsanso. Wayamba ndi kachipewa, kokhota pang'ono mbali imodzi, koma ndi kachipewa ndithu.

Juzi yobiriwira ija ndidakaipeza pansi pa sutikesi, njenjete zitangoboola pamkono pokha. Yandithina pamimba, poti zaka zapita. Koma mukaona bambo wina m'tauni muno m'mawa kukuzizira, atavala juzi ya “chimanga” yosafika bwino m'chiuno, musaseke. Mufunseni adam'lukira ndani.