Ciphaso Ncocinjiriza Wokwera, Si Malonda

Abale, alipo ena amene amati ciphaso ca Boma coyendetsera galimoto wonyamula anthu ndi msonkho cabe, njira yolandira ndalama za osauka. Ife tikana mau amenewa. Pakuti wokwera apereka moyo wace m'manja mwa munthu wosamdziwa. Sangathe kuyesa maso a woyendetsayo, kapena kuona ngati mabuleki agwira. Cifukwa cace Boma liyesa m'malo mwace, ndipo ciphaso ndico mboni yakuti munthuyo anayesedwa.

Taonani mzinda wa London. Kuyambira caka ca 1865, wofuna kunyamula anthu, pa ngolo ya akavalo kale lija, pa takisi lero lino, ayenera kudziwa pamtima miseu yonse kufikira mamailosi 6 kucokera ku Charing Cross. Ambiri atha zaka 3 kapena 4 asanapambane, ndipo ciphaso cotere sacigula kwa mnzao.

Koma ku New York kunacitika zina. M'caka ca 1937, poona kuti matakisi acuruka ndi kulimbirana okwera, akuru a mzindawo anaika malire pa ciwerengero ca ziphaso, nazipereka pa madola 10 cimodzi. Colakwa cinali cakuti analola mwini ciphaso acigulitse monga ng'ombe. Mtengo unakwerakwera, kufikira m'caka ca 2014 ciphaso cimodzi cinaposa madola miliyoni imodzi. Oyendetsa osauka anakongola ndalama zambiri kuti agule; ndipo pamene magalimoto a Uber anacuruka, mtengo unagwa, koma ngongole inatsala. M'caka ca 2018 ena a iwo anadzipha ndi cisoni. Kodi wokwera anapindulanji ndi malonda amenewa?

Mau awa atikhudza ifenso, amene timakweza amai apakati ndi ana pa kabaza wa njinga yamoto. Ciphaso cogula ndi ciphuphu ciri ngati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo wanchito wa Boma wocigulitsa agulitsa mwazi wa wokwera. Cotero tipempha Boma licepetse mtengo, kuti mnyamata wa m'mudzi akhoze kulipira, koma mayeso lisawafewetse. Ndipo inu akuru a Mpingo, langizani ana anu oyendetsa kabaza akayesedwe, angabvale mlandu wa moyo wa mnzao.