Chitchaina Tikuphunzira, Nanga Iwo Akuphunziranji za Ife?

M'boma la Ubungo mumzinda wa Dar es Salaam muli zizindikiro zambiri za ubale wa Tanzania ndi China. Fakitale ya nsalu ya Urafiki, dzina lotanthauza ubwenzi m'Chiswahili, inamangidwa ndi thandizo la China ndipo inatsegulidwa mu 1968. Pa Yunivesite ya Dar es Salaam pali Confucius Institute, yomwe yakhala ikuphunzitsa Chitchaina kuyambira mu 2013, komanso nyumba yaikulu ya mabuku imene China inamanga, yomwe Pulezidenti John Magufuli anatsegula mu 2018. Masukulu ena a sekondale m'dzikomo nawonso akuphunzitsa chiyankhulochi.

Zonsezi n'zabwino. Koma ubwenzi sukhala wa mbali imodzi. Pamene ana athu akulimbana ndi zilembo za Chitchaina, kodi anzawo a ku sekondale ku China akuphunzira chiyani za anthu a mu Africa?

Bungwe la UNESCO limalimbikitsa maphunziro othandiza mwana kudziona ngati nzika ya dziko lonse lapansi, wolemekeza ufulu ndi chikhalidwe cha anthu osiyana naye. Mu 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anaika mfundoyi m'gawo 4.7 la zolinga za chitukuko chokhazikika, zoti zikwaniritsidwe pofika mu 2030. Dziko la China linali litayamba kale. Ndondomeko yake ya maphunziro ya 2010 mpaka 2020 inalamula kuti masukulu alimbikitse kumvetsa mayiko ena, ndipo mu 2016 mfundoyi inaikidwa pamndandanda wa maluso ofunika kwa wophunzira aliyense.

Komabe kulemba papepala n'kosiyana ndi kuchita m'kalasi. Nthawi zambiri phunziroli siliima palokha. Limalowetsedwa m'maphunziro a mbiri, jogalafe ndi Chingerezi, kapena m'makalabu otsanzira misonkhano ya United Nations. Masukulu a m'mizinda yolemera monga Beijing ndi Shanghai ndiwo ali patsogolo, pamene akumidzi akutsalira. Mayeso olowera kuyunivesite otchedwa gaokao, amene amalembedwa mwezi wa June, ndiwo amadya nthawi yambiri ya ophunzira. Chinanso, boma limatsindika kwambiri kukonda dziko lawo, ndipo mu 2023 linakhazikitsa lamulo lapadera pa nkhaniyi.

Wina anganene kuti zimenezi n'zakutali, sizitikhudza. Ayi ndithu. Mu April 2020 anthu a mu Africa okhala mumzinda wa Guangzhou anathamangitsidwa m'nyumba ndi m'mahotela powaganizira kuti akufalitsa Covid-19. Mu 2022 wailesi ya BBC inaulula za nzika ina ya China imene inkajambula ana a ku Njewa, ku Lilongwe, n'kumagulitsa makanemawo kwawo. Mu kanema wina amene anafala pa intaneti, ana ankafuula mawu a Chitchaina odzinyoza okha chifukwa cha khungu lawo, osadziwa tanthauzo lake. Munthuyo anagwidwa ku Chipata m'dziko la Zambia, ndipo khoti la ku Malawi linamupeza wolakwa mu 2023. Ofesi ya kazembe wa China inadzudzula mchitidwewu.

Nkhani imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Makanemawo anali ndi msika chifukwa ogulawo sanaphunzitsidwe kuona mwana wa ku Njewa ngati mwana wawo. Ndipo anawo anagwa m'mbuna chifukwa panalibe wowamasulira zimene ankanena. Umbuli unali mbali zonse ziwiri.

Choncho maboma athu ndi mabungwe a chitukuko asamangopempha nyumba ndi mabuku. Malawi, yemwe anayamba ubale ndi China mu December 2007, ndi Tanzania, yemwe ubale wake ndi wakale, apemphenso kuti aphunzitsi athu azipita kukaphunzitsa mbiri ndi ziyankhulo zathu m'masukulu a sekondale a kumeneko. Kuno kwathu, phunziro la Chitchaina liziyendera limodzi ndi la ufulu wa ana, kuti mwana adziwe kufunsa ndi kukana.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu ndiwo phata la maphunziro amene UNESCO ikunena. Tiuphunzitse ku Ubungo ndi ku Njewa, ndipo tiutumizenso ku Guangzhou.